Apongozi Anga ndi Galimoto Yodulidwa Miyendo

Nkhani iyi sindinamuuzepo munthu, ngakhale wansembe. Kokalapa ndapitako kambirimbiri. Ndaulula za mowa, za mkwiyo, ngakhale za nkhuku ya eni ake imene inasochera n'kudzapezeka mumphika mwanga, koma iyi ikafika pakhosi imabwerera. Lero ndalimba mtima kuilemba chifukwa mayi a kunyumba, a Veronika, maso awo sakuonanso zilembo, ndipo adzukulu athu sawerenga chilichonse chimene sichikuwala pafoni. (Inu amene mukuwerenga, mukakumana nawo kutchalitchi mungowapatsa moni basi.)

Zinachitika dziko litangolandira kumene ufulu, malilime athu akuphunzira kunena kuti Chipata m'malo mwa Fort Jameson. Ine sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu. Ubwana wanga wonse unathera kubusa, ndipo zilembo ndinakakumana nazo kusukulu ya madzulo, pabenchi limodzi ndi alonda ndi ophika a m'nyumba za azungu. Munthu wophunzira mochedwa ali ndi nthenda imodzi: chilichonse chosindikizidwa papepala amachikhulupirira ngati chachokera kuguwa. Musaiwale zimenezi, zibweranso kutsogoloku.

Ndinapeza ntchito yoyeza thonje pasikelo, n'kupezanso kanyumba m'tauni. Masiku amenewo azungu ambiri ankalongedza, ndipo katundu ankamugulitsa ngati akuthawa moto. Kwa mnyamata wina wachizungu wa kumafamu a fodya ndinagulako galimoto yofiira, ya zitseko ziwiri zokha, yaphokoso lokoma. Sindinadye nyama nthawi yaitali chifukwa cha galimoto imeneyo, koma ndikaiyang'ana ndinkakhuta.

Ndinali nditakwatira kumudzi wina kupitirira Mtenguleni, kumene umasiya msewu waukulu n'kulowa njira ya ngolo. Mwa mwambo wathu ndinali mkamwini: mkazi amakhala kwawo, mwamuna ndiye amayenda. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kupita kwa Veronika, Lolemba m'mamawa n'kubwerera kusikelo miyendo ikunjenjemera. Chimene ndinkafuna ndi mtima wonse chinali chitengwa, kuti akuchikazi andilole kumutenga mkazi wanga tizikhala limodzi m'tauni. Mawu otsiriza pa nkhaniyi anali ndi amayi ake, a Naphiri.

Apongozi angawo anali mayi wa thupi, wamphamvu, mlimi wa mtedza wotchuka dera lonse. Akaseka, kutsidya kwa dambo ankamva. Ndikunena za kumva chifukwa kumva kokhako ndiko ndinkaloledwa. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, sadyera pamodzi, salankhulana pamaso. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse ndinali ine. Nkhope yawo ndinkaidziwa mmene munthu amalidziwira dzuwa, poliba cham'mbali.

Mawu athu onse ankadutsira mwa mlongo wawo, a Phiri, katekisiti wa m'mudzimo, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anali munthu wabwino kwambiri, ndipo ubwino wawowo ndiwo unali vuto. Sankatha kunyamula mawu akuthwa. Ukawapatsa minga, ankakapereka maluwa. Apongozi akati, "Kutauniko mwana wanga azikadya chiyani, fumbi?" a Phiri ankabwera kwa ine n'kuti, "Amayi akufunsa za nyengo ya kutauni." (Zenizenizo ndinkazimva kwa Veronika pambuyo pake.)

Patapita nthawi yaitali ndikuchonderera, yankho linabwera. Apongozi avomera kudzaiona nyumbayo ndi maso awo. Ikawakomera, Veronika apita. Ikapanda kuwakomera, ndipitirize kupalasa. Ndipo popeza ndagula galimoto, ndikawatenge ndine.

Munthu wanzeru akanakwera padenga n'kutseka pamene pankadontha. Akanasesa, akanabzala ndiwo kuseri, akanagula mpando wachiwiri. Ine ndinapita kwa makaniko.

Chinandipititsa kumeneko ndi ichi. M'buti mwa galimoto, mosungira katundu kumbuyo muja, mzungu uja anasiyamo magazini a galimoto zampikisano. Pa zithunzi zonse galimotozo zinali zitagwada, mimba zili pafupi ndi nthaka, madona atavala magalasi akuda akuziwombera m'manja. Ndi Chizungu changa cha kusukulu ya madzulo ndinagwirizanitsa zilembo mpaka ndinamva kuti galimoto yotsika imathamanga, sigwedezeka pokhota, ndipo imapatsa mwini wake ulemu. (Mawu otsirizawa mwina ndinawonjezera ndekha.) Chimene sindinachiwerenge, chifukwa sichinalembedwe ndi zilembo, n'chakuti misewu ya pa zithunzizo inali yosalala ngati tebulo.

Makaniko wanga anali a Juliyasi, amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Anali atabwera kumene kuchokera kumigodi ndi dzino lagolide, ndipo sanakanepo ntchito ina iliyonse chibadwire. Ndinawaonetsa chithunzi.

"Mukufuna igwade?" anandifunsa.

"Igwade, koma mwaulemu."

"Njira zilipo, bwana. Masipuling'i aafupi enieni amachokera kunja. Mukaitanitsa lero, adzafika mwana wanu woyamba atamera mano."

"Ina?"

"Tiwawotche ndi moto afooke. Koma akayamba kufooka sasiya, amangofookerabe ngati bambo wa mitala."

"Ina?"

A Juliyasi anapisa m'bokosi, anatulutsa sowo yodulira zitsulo, n'kuipsompsona.

Kwa inu amene simunasuzumirepo pansi pa galimoto: pafupi ndi tayala lililonse pali chitsulo chopotana ngati njoka yodzikulunga. Ndiyo sipuling'i, ndipo ndiyo imanyamula thupi la galimoto. Pambali pake pali shoko, chitsulo chonga botolo lalitali, chimene chimaletsa galimoto kudumphadumpha ikagunda dzenje. Amene anaipanga galimotoyo anayeza zonsezi ndi mapepala ndi zipangizo. Ife tinayeza ndi chibakera cha a Juliyasi.

Tinayamba bwino. Anadula mphete imodzi pa sipuling'i iliyonse, tinaitsitsa, ndinabwerera m'mbuyo n'kuiyerekeza ndi chithunzi.

"Sinagwade," ndinatero. "Yangowerama."

Anadulanso. Tsopano inapendekera kumanzere. Anadula kumanja kuti zifanane, inapendekera kumanja. Kutsogolo kutatsika, kumbuyo kunaoneka ngati kwanyada, ndiye tinakuphunzitsanso ulemu. Amene anayesapo kukonza tebulo logwedera podula miyendo akudziwa mmene ntchito yotere imathera. Dzuwa likupendeka, chibakera cha a Juliyasi chinakana kulowa pansi pa galimoto.

"Eyaa," anatero akupukuta thukuta. "Iyi tsopano ngakhale ku Lusaka kulibe."

Ankanena zoona. Ku Lusaka kunalibe munthu wopusa chotero.

Kenako panabuka nkhani ya mashoko. Akale aja anasanduka aatali, ankangogunda. Ndinapita kusitolo ya mmwenye wina wogulitsa zitsulo za galimoto, ndipo anandiikira mitundu iwiri patebulo. Ena anali ofewa, oyenera galimoto zazing'ono. Ena anali olimba, aafupi, a vaneti zonyamula mabelo a thonje.

"Galimoto yanu ndi yotani?" anandifunsa.

"Yampikisano."

Anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kutsitsi, n'kukankhira ofewa aja kwa ine. Ine ndinawakankhira kwa iye. Magazini anali atanena kuti zampikisano zimafuna zolimba, ndipo ine ndinali munthu wowerenga.

Mmene inkayendera pambuyo pake, mano okha ndiwo angafotokoze. Ukaponda nyerere unkadziwa ngati inali yaikazi kapena yaimuna. Koma ndikadutsa pamsika anyamata ankaimba mluzu, amayi ogulitsa tomato ankaimirira, ndipo ine ndinkatulutsa chigongono pawindo n'kumamwetulira milomo ili yotseka kuti ndisadzilume lilime. Tizidutswa ta masipuling'i tija a Juliyasi anatikulunga m'chiguduli n'kutiika m'buti.

"Musataye, bwana. Tikhoza kuwotcherera. Mwina tsiku lina mudzafuna kulapa."

Tsiku la ulendo linafika, anthu atatha kukolola. Njira ya ngolo mukuidziwa: mikwasa iwiri yakuya mmene mumadutsa matayala, pakati msana wa dothi louma womera udzu. Popita ndinali ndekha, wopepuka, ndipo ndinayenda mochenjera, matayala a mbali imodzi pamsana, ena m'mphepete, galimoto itapendekeka ngati chipewa cha woledzera. Inakhula pansi apo ndi apo, koma ndinafika.

Mudzi wonse unatuluka. Veronika anaizungulira, anawerama, n'kugwira pakamwa.

"Nanga yatani? Yadwala?"

"Ndi mmene zimakhalira zampikisano."

"Mpikisano ndi ndani?"

Nthawi yomweyo katundu anayamba kubwera. Apongozi sakanapita kutauni chimanjamanja. Linabwera thumba la mtedza, anabwera maungu, inabwera nkhuku yomangidwa miyendo, ndipo pomaliza amuna awiri anabwera akukunkhuniza mtondo waukulu watsopano, wa mtengo wolemera ngati mwala. Zonsezi zinalowa m'buti, pamwamba pa chiguduli chija, kupatula nkhuku. Katundu aliyense akalowa, galimoto inkatsika pang'ono.

Tsopano apongozi. Kukhala pambali panga sikukanatheka, ndiye malo awo anali kumbuyo. Koma galimoto ya zitseko ziwiri, wokhala kumbuyo amachita kupinda mpando wakutsogolo n'kulowa chokwawa. Ine ndinapita kukaima kuseri ndikuyang'ana nkhokwe, monga mwa ulemu, pamene amayi a m'mudzi ankathandiza. Sindinaone kanthu. Ndinangomva malangizo ambiri, kuseka kwawo kwakukulu kuja, kenako galimoto yanga inalira kamodzi ngati mbuzi yogwidwa mwendo, n'kukhala chete.

Nditabwerera ndinapeza matayala akumbuyo atabisala m'thupi. Inali itakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Kalilole woonera kumbuyo ndinamumanga ndi kansalu kuti maso athu asakumane mwangozi. A Phiri anakhala pambali panga, chipewa pamaondo, kolona m'manja. (Poyamba ndinkayesa kuti ndi chizolowezi chabe. Anali atayamba kale ntchito.)

Tisanatuluke n'komwe m'mudzi, pansi panamveka khwee, ngati munthu akunola khasu pamwala. Ndinawerama n'kunong'oneza.

"Ankhoswe, auzeni amayi asunthire pakati. Mbali iyi ikukhula."

A Phiri anatembenuka. "Naphiri, akamwini akufunsa ngati mwakhala bwino."

"Auzeni ndakhala bwino kwambiri. Mpando wake ngwofewa. Sindisuntha pano."

Tinapitirira. Pa dzenje loyamba mashoko a vaneti aja anaonetsa ntchito yawo. Tonse tinanyamuka m'mipando, ndipo kumbuyo ndinamva mutu ukugunda denga, nkhuku n'kukuwa.

"APhiri, afunseni ngati chinthuchi chili ndi ziwanda."

"Amayi akuyamikira liwiro," anatero a Phiri kwa ine.

Pa muzu wina wodutsa njira, paipi yotulutsa utsi inatsanzika. Ndinatsika, ndinaitola ndi masamba chifukwa inali yamoto, ndipo itazizira a Phiri anaigwirizira pawindo ngati mbendera ya ulendo wa kutchalitchi. Kuchokera pamenepo galimoto inkabangula moti ng'ombe zinkathawa m'minda. Kunong'ona kunatha, tinayamba kukuwa, koma mawu ankadutsirabe mwa a Phiri, chifukwa mwambo sutha ndi phokoso.

Tinafika padambo. Pamenepo ngolo zinali zitakumba mikwasa nthawi ya mvula, ndipo msana wa pakati unali wautali kufika m'bondo. M'mbali munali zitsa, kopatukira kunalibe. Kuyenda mopendekeka monga ndinachitira popita, ndi katundu yenseyu sikukanatheka. Ndinakumbukira magazini aja, akuti galimoto yotsika imafuna mtima wolimba. Ndinaponda mafuta. Tinakwera, tinakhula, tinaima. Injini inkabangula, matayala ankazungulira, koma mitengo ya m'mbali sinkasuntha. Galimoto inali itakhala pamimba pamwamba pa msanawo ngati fulu woikidwa pachitsa.

Ndinazimitsa injini. Kunali zii, kupatula nkhuku.

"Ankhoswe," ndinanong'ona, "chonde, mawu awa muwapereke mmene alili. Atsike."

A Phiri anatsokomola. "Naphiri, akamwini akuti malo ano ndi okongola. Mwina mungakonde kuwaona."

"Ndinabadwira kuno. Ndi dambo."

"Ankhoswe, auzeni kuti tikapanda kupepuka sitichoka pano."

"Akuti kunja kuli kamphepo kabwino."

"Atsegule windo."

Dzuwa linali pamutu, denga lachitsulo likutentha. Ine thukuta linkalowa m'maso. Tinakhala choncho anthu atatu akuluakulu ndi nkhuku, aliyense akuyang'ana kwake, mpaka apongozi analankhula okha, ndi mawu otsika amene ndinali ndisanawamvepo.

"APhiri, tsikani mupinde mpandowu. Ndikudziwa chimene chavuta."

Ndinatuluka n'kukaima poyang'ana chulu. Kumbuyo kwanga ndinamva kulimbana, kupuma kwamphamvu, nsalu ikung'ambika pang'ono. Kenako ndinamva chinthu chimene ndimachimvabe mpaka lero: galimoto yanga inausa moyo, zitsulo zinalira, ndipo inadzuka. Sinadzuke kwambiri. Koma inadzuka moti aliyense anaona.

Nthawi yomweyo panatulukira bambo wina ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri, mmodzi wa anthu aja amene Mulungu anawapatsa mawu aakulu n'kuwamana chotsekera. Anatsika, anazungulira galimoto, anagwada n'kusuzumira pansi.

"Iii! Zaphwanyika zonse pansipa! Mwanyamula chiyani, akulu, miyala?"

Kenako apongozi anati, "Anyamula ine."

Bambo uja anavula chipewa n'kuyamba kuyang'ana ng'ombe zake ngati akuziona koyamba.

"APhiri," anatero apongozi, "afunseni akamwini. Galimoto yawoyi inali yotere kale, kapena ndine? Ndipo muwafunse mmene ndanenera. Musathire shuga."

A Phiri anabwera pamene ndinaima. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anapereka mawu osawasenda.

"Akufunsa ngati inali yotere kale, kapena ndi iwo."

Apa ndipo pali nkhani yonse, ndiye ndiyenda pang'onopang'ono. Yankho linali m'buti, pansi pa mtondo, m'chiguduli. Ndikanangotsegula n'kunena kuti onani, ndinadula ndine, ndi sowo, pansi pa mango, chifukwa cha chithunzi. Koma m'mutu mwanga ndinaona mmene nkhaniyo ikanayendera. Mayi uti angapereke mwana wake kwa mwamuna amene amagula chinthu chabwinobwino n'kuchidula miyendo? Akanaseka, kutsidya kwa dambo akanamva, ndipo ine ndikanapalasa njinga mpaka imvi. Ndinaona Veronika ataima pakhomo la amayi ake, ine ndikutsanzika Lolemba lililonse.

Sindinaname. Ndikufuna mumve bwino, chifukwa ndadzitonthoza nazo zaka zonsezi. Ndinayang'ana chulu chija n'kunena kuti:

"Pobwera inayenda bwinobwino."

A Phiri anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti awakulunga mawuwo monga mwa masiku onse, anene za nyengo, za kamphepo, za chifundo cha Mulungu. Anatembenuka n'kunena mokweza:

"Akuti pobwera inayenda bwinobwino."

Apongozi anakhala pansi pa udzu. Ndinkaona mthunzi wawo wokha. Ndinadikira kuseka kuja, sikunabwere.

"Auzeni kuti nyumba yawo sindikaiona," anatero. "Sindikweranso. Munthu wavutikira chinthu chake, wadzimana, ine ndachiphwanya tsiku limodzi. Ndawawonongera galimoto, ndisawawonongerenso banja. Loweruka abwere adzatenge mkazi wawo." Kenako anawonjezera kuti, "Abwere ndi njinga."

A Phiri anabwereza zonse, liwu ndi liwu, ngakhale za njingazo. Ine ndinagwada n'kuwomba m'manja mwaulemu kuyang'ana kuchulu. Chimene ndinkachipempha nthawi yonse ija ndinachilandira padambo, nditagwada pambali pa galimoto yogwada.

Pambuyo pake ng'ombe za bambo uja zinandikoka mpaka kumsewu waukulu, galimoto yampikisano ikutsatira michira. Koma tisanachoke padambo, apongozi anakana kuti katundu atsitsidwe, akuti ndi wa kunyumba kwa mwana wawo. Ananyamuka wapansi kubwerera kumudzi. A Phiri asanawatsatire anandipatsa paipi ija, n'kunena motsitsa:

"Akamwini, mawu aja ndawapereka mmene analili. Kulemera kwake n'kwanu."

Sindikudziwa ngati anadziwa. Sanafunsepo, ndipo tinakhala tikupatsana moni mwaulemu mpaka anamwalira.

Loweruka ndinamutengadi Veronika, panjinga. Takhala limodzi mpaka lero, ana, adzukulu, zonse. Mukafuna phunziro, mwina ndi lakuti bodza lopangidwa ndi mawu oona limakhalitsa kuposa linzake, chifukwa ngakhale mwini wake sapeza poligwira kuti alitulutse. Koma sindikudziwa ngati ndinaphunzira. Galimoto ija ndinaigulitsa kwa mphunzitsi wina, nayenso wowerenga magazini, ndipo ndinamuuza kuti ndi mmene inabwerera kuchokera kunja.

Apongozi sanakwerenso galimoto moyo wawo wonse. Basi ayi, lole ayi. Atadwala anapita kuchipatala cha mishoni pangolo, akuti ngolo yokha ndiyo imawadziwa. Ana athu tinkachita kuwapititsa kumudzi kuti agogo awo awaone, ndipo m'nyumba mwathu muja apongozi sanapondemo. Pa maukwati ankaikamba okha nkhaniyi: "Mukundiona ine? Ndinagwaditsa galimoto ya mzungu!" Anthu ankagwa nako kuseka, iwonso ankaseka, koma kutsidya kwa dambo sikunkamvekanso. Veronika anandiuza kuti amayi ake anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ndipo chaka chilichonse akakolola linkabwera thumba la mtedza, ndi uthenga wakuti ili ndi la galimoto ija. Ndinkadya. Unali mtedza wokoma kwambiri, ndi pamene pakundipwetekera.

Koma ndalumpha. Ndibwerere ku tsiku lotsatira ulendo uja.

Ndinadzuka m'mawa nditatsimikiza mtima. Ndinati nditenga chiguduli chija, ndikwera njinga, ndikachitambasula pamaso pa a Phiri, iwo akanene mmene angathere. Ndinapopa matayala a njinga n'kuitsamiritsa pakhoma. Ndinatsegula buti, ndinatsitsa mtedza ndi maungu, n'kuyamba kulimbana ndi mtondo uja. Ndili mkati moukoka ndi pamene nzeru inandifikira, mochedwa monga mwa chizolowezi changa. Mayi sasemetsa mtondo watsopano n'kuunyamula ulendo wonsewo kupita nawo kunyumba imene akufuna kukaikana. Anali atavomera kale asanakwere. Ulendowo unali wongodzaona poika mtondo.

Ndiye kuti choonadi sichikananditayitsa Veronika. Chikananditayitsa ulemu wokha, ndipo mayi uja akanabwezeredwa kuseka kwake ndi mbale yake. Njira inali yotseguka, njinga inali yopopa, dzuwa linali lisanatenthe.

Ndinaima pakati pa bwalo chiguduli chili m'manja. Tizitsulo tija tinkalira ngati ndalama zachitsulo za m'mbale ya chopereka. Ndinayang'ana njinga. Ndinaganiza za mudzi wonse ukumva za sowo, za chibakera cha a Juliyasi, za madona a magalasi akuda.

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinalowa m'chimbudzi, n'kutseka chitseko. Ndinatiponya m'dzenje kamodzikamodzi, ndikumvetsera kalikonse mpaka kafike pansi. Chiguduli ndinaponyanso. Kenako ndinasamba m'manja, n'kukunkhuniza mtondo uja kukauimika pakhonde, pamalo poti Veronika adzauone akamalowa.